Funsani za Makompyuta: i7 yake ya chaka chanji?

Moni nonse a ku Mulanje, Thyolo ndi kwina konse kumene tsamba lino limafika. Mwezi uno makalata ambiri amene abwera ndi a nkhani imodzi, ya purosesa, ubongo wa kompyuta uja, nde ndangowaunjika pamodzi kuti tithane nazo. Ena ndawadula chifukwa anali aatali zedi, bambo wina anachita kuyambira pa mbiri ya mmene anakhozera mayeso a Fomu 4, koma funso lenilenilo ndalisiya mmene linalili. Mitengo ya makwacha sindiyika muno, mukudziwa nokha kuti chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 muja, mtengo umene wakuuza wogulitsa Lolemba ukabwerera Lachisanu umapeza ndi wina.

Achimwene, ine ndimajambula maukwati, zinkhoswe ndi makwaya kuno ku Luchenza. Laputopu yanga yatopa, vidiyo ya ukwati umodzi imatha usiku onse ikungozungulira osamaliza. Ndikufuna kumanga desktop. Ku Limbe mnyamata wina akundigulitsa Core i7 4790 pamodzi ndi bodi yake motchipa, pomwe mu shopu ina akuti nditenge i3 12100 yatsopano koma yokwererapo mtengo. Nanga i3 ingapose bwanji i7? Mesa akungofuna kundidyera ndalama amenewa?
Wojambula, Luchenza

Achimwene anga, wa mu shopuyo sakukunamizani ayi, ndipo funso lanuli ndi limene limagwetsa anthu ambiri m'mbuna. Anthufe tinaloweza kuti i7 ndi bwana, i5 ndi kapitawo, i3 ndi wa ganyu, basi tinathera pompo, koma masanjidwe amenewo amagwira ntchito pokhapokha ngati onse atatuwo ndi a gen imodzi, kutanthauza m'badwo umodzi. Munthu akakuuzani kuti ankagoletsa zigoli pa Mulanje Park, mumayamba mwafunsa kuti chaka chanji musanamuike mu timu ya Loweruka lino. Ndi purosesa chimodzimodzi, ndipo chakacho chalembedwa pa dzina pomwepo. Onani manambala amene amabwera mukangowerenga i7 kapena i3 yo. Pa 4790, nambala yoyambayo, 4, ikutanthauza 4th gen, ndipo inatuluka mu 2014. Pa 12100, tengani manambala awiri oyamba, 12, ndiye kuti 12th gen, ya mu January 2022. Zaka pafupifupi 8 pakati pake.

Chodabwitsa n'chakuti ziwiri zonsezi zili ndi ma core 4 (tizigawo togwira ntchito mkati mwa purosesa) ndi ma thread 8 (mizere ya ntchito imene imayenda nthawi imodzi), ndiye wina akhoza kunena kuti n'zofanana. Sizofanana. Core imodzi ya 12100 imamaliza ntchito yambiri kuposa core imodzi ya 4790 ngakhale ma GHz, muyeso wa liwiro lake, atakhala ofanana, chifukwa kamangidwe ka mkatimo kanasinthiratu, n'chifukwa chake kufanizira ma GHz a mapurosesa a zaka zosiyana n'kutaya nthawi. Komanso 4790 imayenda ndi RAM ya DDR3 pa soketi (malo okhazikapo purosesa pa bodi) ya LGA1150, msewu umene unathera pomwepo, palibe purosesa yatsopano imene mudzaike pa bodi imeneyo, ikadzafa bodiyo mudzayamba kusakasaka ya kaunjika ina yokalamba chimodzimodzi. Ndipo Windows 11 siyivomereza mwa lamulo lake, imayambira pa 8th gen kupita m'tsogolo.

Kwa inu a mavidiyo pali china chachikulu. Mafoni ndi makamera ambiri a masiku ano amajambula mu mtundu wa vidiyo wotchedwa H.265, ena amati HEVC, ndipo mkati mwa mapurosesa a Intel okhala ndi graphics muli kagawo kotchedwa Quick Sync kamene ntchito yake ndi kumasula ndi kumanga mavidiyo basi. Ka mu 12100 kamanyamula H.265 bwinobwino, pomwe ka mu 4790 kanapangidwa nthawi ya H.264, ndiye mukaponya pa timeline vidiyo ya pa foni ya alamu ake a mkwati imene akutumizirani kuti muiphatikize, yakaleyo imayamba kudodoma, chithunzi kuima mawu akupita. Premiere Pro ndi HandBrake amagwiritsa ntchito Quick Sync imeneyi.

Koma ine nditakhala inu, poti vidiyo ndi imene imakudyetsani, ndikanadikira maukwati awiri atatu kenako n'kutenga i5 12400, ya ma core 6 ndi ma thread 12, yopanda F kumapeto, pakuti ya F ilibe graphics ndiye ilibenso Quick Sync ija. Soketi yake ndi yomweyo ya LGA1700, ndiye ngati ndalama yavutadi yambani ndi i3 yo, chaka chamawa mudzangozula n'kuika i5 bodi osasintha. Bodi tengani ya H610 ngati thumba lili lopepuka kapena B660 kapena B760, koma muonetsetse ngati ndi ya DDR4 kapena DDR5 musanagule RAM, pakuti mabodi a soketi imeneyi alipo a mitundu iwiri ndipo RAM ya mtundu wina silowa pa unzake, kampata kake kali pena. RAM isachepere 16GB, ndipo Windows ndi pulojekiti imene mukupanga zikhale pa SSD, disk yothamanga ija, ma hard disk akalewo asungireni maukwati amene munapereka kale.

Mnyamata wa 4790 yo sikuti ndi wakuba, katundu wake amagwira ntchito, kungoti ndi wa munthu wolemba makalata ndi kuwotcha nyimbo, osati wa inu.

Big man, ndine mwana wasukulu pa MUST kuno kwa Ndata. Ndikufuna PC yoti ndizipangira coding, ka AutoCAD pang'ono, komanso magemu akaweruka ma lecture kkkk. Ndalama ya graphics card pakadali pano palibe, mwina chaka chamawa. Ndaona Ryzen 5 5600, 5600G, 5500 ndi i5 12400F, ndipo 5500 ndi 12400F zo zikuoneka zotchipa bwino. Nditenge iti?
Wophunzira, Ndata, Thyolo

Aise, pa zinayi watchulazo, zitatu sizingakuonetse ngakhale logo ya poyatsa popanda graphics card. 5600, 5500 ndi 12400F zonse zilibe graphics mkati. Ndiye kutchipa kwakeko n'kwa pa pepala chabe, chifukwa tsiku lomwelo uyenera kugulanso khadi imene wanena wekha kuti ndalama yake ulibe. Apa ndi pamene ndimafuna aliyense owerenga tsamba lino amvetse, mtengo wa purosesa si umene walembedwa pa kabokosi kake kokha, tenga pepala ulembe purosesa, bodi, RAM, fani ngati mulibe m'bokosi, ndi khadi ya graphics ngati ikufunika, uphatikize zonse, kenako ufanizire ndi gulu linalo lonse. Nthawi zambiri imene inkaoneka yodula pa yokha imapezeka kuti ndi imene ikukusiyira chenji.

Tenga 5600G. Inatuluka mu 2021 pa mtengo wa madola 259, pano inatsika kwambiri, ili ndi ma core 6, ma thread 12, ndi graphics ya Radeon mkati momwemo imene ili yamphamvu kuposa ya mu ma Intel a nthawi yakeyo, fani imabwera m'bokosi. Coding, ma virtual machine angapo, AutoCAD ya 2D, zonsezo iyenda nazo popanda kudandaula. Magemu ndisakunamize, GTA V ndi PES 2021 uzisewera ndithu ukatsitsako ma settings, koma magemu a mpira a FC atsopanowa amafuna khadi yeniyeni, pamenepo udzafunika kupirira mpaka chaka chamawacho.

Chinsinsi cha 5600G chili pa RAM. Graphics yakeyo ilibe memory yakeyake, imabwereka pa RAM ya kompyuta, ndiye ukaika ndodo imodzi ya 16GB waimanga mwendo umodzi. Ika ziwiri za 8GB, za liwiro la 3200, kuti ziyende dual channel, ndiye kuti njira ziwiri nthawi imodzi, kusiyana kwake mu gemu umachita kukuona ndi maso. Ogulitsa ambiri amakonda kukupatsa imodzi chifukwa ndi imene ali nayo mu shelefu, kana. Ndipo ukalowa mu BIOS, ma settings a bodi aja, uyatse XMP, pa mabodi a Asus amalemba DOCP, apo ayi RAM yako ya 3200 izingoyenda pa liwiro lotsika iwe osadziwa.

Pali chimene ukutaya posankha G yo, ndikuuze usadzandinene. 5600 wamba ili ndi L3 cache, ka memory kothamanga ka mkati mwa purosesa, ya 32MB pomwe 5600G ili ndi 16MB, komanso G yo imathera pa PCIe 3.0, msewu wolumikizira khadi ya graphics, pomwe inzake imafika 4.0, ndiye tsiku limene udzaike khadi yamphamvu, 5600 ikanakupatsako ma frame ochulukirapo. Koma zimenezo ndi za chaka chamawa chimene kaya chidzabwera ndi ndalama kaya ayi, pomwe assignment ikufunika sabata ino. Komanso khadi ikadzapsa tsiku lina, wa G amangosuntha kebulo n'kuika pa bodi, moyo n'kupitirira.

Bodi yang'ana B550 kapena A520. B450 ndi yabwinonso ndipo imatchipa, koma zambiri zinapangidwa Ryzen 5000 isanabadwe ndiye zimafuna BIOS yatsopano kaye, funsa wogulitsa aiyatse ndi purosesa yakoyo iwe uli pompo, usalole zoti ukayesere ku hostel.

Poti tayamba za zilembo, nditchuliretu zinazo. Ku Intel, F ndiye kuti mulibe graphics, K ndi ya overclock, kuithamangitsa kupyola liwiro lake la ku fakitale, imafuna bodi ya Z yodula kuti uichite zimenezo ndipo fani mulibe m'bokosi, T ndi yosadya magetsi. Ku AMD, G ndi ya graphics yamphamvu mkati, X imathamangirapo pang'ono kuposa yopanda X koma kawirikawiri ndalama yowonjezerayo sibwerera.

Ndagula zonse zatsopano, i5 12400F, bodi, RAM. Ndamanga bwinobwino motsatira vidiyo ya pa YouTube, mafani akuzungulira, timagetsi tikuyaka, HDMI ndalowetsa kumbuyo kwa bodi koma monita ili bii. Kodi andigulitsa bodi yakufa?
Wokhumudwa, Bvumbwe

Bodi yanu mwina ili bwinobwino bambo, werengani yankho lili pamwambali. Mabowo a HDMI a pa bodi alibe mphamvu pa okha, amangotulutsa chithunzi chochokera mu purosesa, ndiye purosesa ya F ilibe choti itumize. Njira zilipo ziwiri, kapena mubwerere ku shopu mukachonderere akusinthireni ndi 12400 yopanda F muwonjezere kangachepe, kapena mugule graphics card n'kulowetsa HDMI yo pa khadipo. Ngati si inu a magemu, ka GT 1030 ka kaunjika kakukwanirani. Musanalipire kalikonse bwerekani khadi kwa mnzanu muyese kaye, kuti mutsimikize kuti vuto ndi lomwelo.

Intel ndi AMD yabwino ndi iti? Tikukangana pano pa ntchito.
Kalaliki wa pa esiteti ya tiyi, Thyolo

Palibe amene wapambana mkanganowo, bwererani ku ntchito kkkk. Makampani onsewa ali ndi mapurosesa abwino ndi ena osayenera mtengo wake, ndiye funso likhale la purosesa iyi ndi iyi pa ntchito yakuti. Zoti AMD imatentha n'kupsa ndi nkhani za kale Ryzen isanabwere mu 2017.

Zikomo chifukwa cha tsamba lanu. Ine ndili ndi kashopu ka stationery pa Chitakale, timataipa makalata, ma CV, mapulogalamu a maliro ndi aukwati, kupulinta ndi fotokope, nthawi zina timapanga makadi pa CorelDRAW. Kompyuta imene ndili nayo imachedwa kuyaka mpaka kasitomala amakhala pansi. Mwana wa achemwali anga akuti ndimupatse ndalama andimangire ya Ryzen 7. Kodi n'zofunikadi?
Mayi wa bizinesi, Chitakale

Mayi, mwanayo akufuna pokasewerera magemu mukatseka shopu, musamuuze kuti ndanena ine. Ntchito mwatchulazo sizifuna Ryzen 7 ngakhale pang'ono, ma core 8 akewo asanu ndi limodzi azingogona tsiku lonse inu mutalipira.

Kunena zoona inu simukufunika n'komwe kumanga. Kuli makompyuta amene anagwirapo ntchito m'maofesi kunja, Dell OptiPlex, HP ProDesk kapena EliteDesk, Lenovo ThinkCentre, amapezeka ku Limbe ndi mu Blantyre, ndipo mtengo wa yathunthu nthawi zambiri umachepa kuposa kugula zidutswa chimodzichimodzi. Koma muikepo malire amodzi osasuntha, purosesa yake ikhale 8th gen kapena kuposa, monga i5 8500 ya ma core 6 kapena i3 8100. Chifukwa chake n'chakuti Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 October 2025, ndipo shopu ngati yanu imene tsiku lililonse mumalowa ma flash a anthu osiyanasiyana odzaza ma virus, mukufunika Windows imene ikulandirabe ma update. Ogulitsa ena amakakamiza Windows 11 pa 4th gen kapena 6th gen n'kumati onani ikuyenda, imayendadi, koma Microsoft sinalonjeze kuti izilandira ma update mpaka kale.

Musakhulupirire sitika ya pa kesi, masitika amamatulidwa n'kumatidwa pena. Auzeni aiyatse, inu mudinize Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi, pabwera Task Manager, pitani pa Performance kenako CPU, kumtunda cha kumanja kulembedwa dzina lonse la purosesa ndi manambala ake. Pompo muonenso pa Memory kuti RAM ndi ingati, 8GB ndi poyambira, 16GB ndi bwino pa CorelDRAW, ndi pa Disk kuti palembedwa SSD osati HDD.

Ndipo musanataye yakaleyo, kuchedwa kuyaka kumene mukunenako nthawi zambiri si purosesa, ndi hard disk. Kuika SSD kokha kumasintha kompyuta moti mumadabwa ngati ndi yomwe ija. Yesani kaye zimenezo, ikachira ikhale yachiwiri ya mtsikana wanu wotaipa. Choipa cha makompyuta a mu ofesiwa n'chakuti power supply ndi bodi zake zambiri ndi za mtundu wawowawo, ikapsa simungangotola iliyonse pa msika, ndiye funsani ngati wogulitsayo amasunga ma spare.

Ndine mphunzitsi cha ku Limbuli. Kunyumba ndimadalira sola, mapanelo awiri, batire ndi inveta, ndipo nthawi ya chiperoni dzuwa limatha masiku osaoneka. Ndikufuna desktop yolembera mayeso, ma scheme ndi kuonetsa ana mavidiyo a sayansi. Anzanga akuti desktop imamaliza batire ngati ayironi. Ndi purosesa iti yosadya magetsi?
Mphunzitsi, Limbuli

Aphunzitsi, anzanuwo akokomeza, koma pali kachoonadi pang'ono. Pa purosesa iliyonse amalembapo nambala ya ma watt, monga 65W, imene kwenikweni imauza opanga mafani kuti akonzekere kutentha kochuluka bwanji, si kuti ikangoyaka ikudya 65W nthawi zonse. Mukamalemba mayeso pa Word purosesa imakhala ikuwodzera, imadya pang'ono kwambiri, koma ikapatsidwa ntchito yolemera imadumpha nambala ija. Mwachitsanzo i5 12400 yalembedwa 65W koma Intel yomwe imati ikhoza kufika 117W, i3 12100 ndi 60W kufika 89W, pomwe zilombo ngati i9 14900K zimafika 253W, imeneyo pa sola yanu musaiyandikire n'komwe. Chimene chimamaliza batire kwambiri pa desktop ndi graphics card, ndiye inu sankhani purosesa ya graphics mkati basi nkhani yatha.

Ngati mukufunadi kumanga nokha, i3 12100 kapena Ryzen 5 5600G zikukwanirani, ndipo ma Ryzen ali ndi Eco Mode imene imatsitsa ya 65W kufika pa 45W. Koma kwa munthu wa sola ine ndimalozera tima desktop ting'onoting'ono tija tokhala ngati buku la nyimbo, Lenovo amati Tiny, Dell amati Micro, HP amati Mini. Timakhala ndi mapurosesa a T monga i5 8500T ya 35W, timagwiritsa ntchito adaputa ngati ya laputopu, ndipo tikhoza kumangiriridwa kumbuyo kwa monita. Pa ntchito mwanenazo simudzaona kusiyana ndi yaikulu, koma batire idzakuthokozani mu June ndi July mitambo ikatsika m'phirimo.

Muonenso inveta yanu. Ma power supply ambiri abwino a masiku ano amafuna magetsi a pure sine wave, pa ma inveta otchipa a modified sine wave ena amalira, ena amangozima okha. Ndipo izi zikukhudza aliyense, wa sola ndi wa ESCOM yemwe, musawononge ndalama yonse pa purosesa n'kugula power supply yopepuka ngati mulibe kanthu mkati ija yobwera ndi kesi, chifukwa ikamafa imakonda kupita ndi bodi. Kuno kwathu mvula ya ziphaliwali mukuidziwa, kukayamba kugunda zimitsani n'kuzula pulagi kukhoma, kuzimitsa pa switch kokha sikokwanira. Chinyontho nachonso, kompyuta musaiike pansi pa simenti kapena kuigunditsa khoma lonyowa, ikhale pa tebulo, ndipo kamodzi pa kanthawi muzitsegula kesi n'kupemerera fumbi la pa fani, likasakanikirana ndi chinyezi limachita chikamba pa zitsulo zoziziritsira zija purosesa n'kumatentha ngati yakalamba chonsecho ili bwinobwino.

Akulu, mchimwene wanga ali ku Joni ndipo wavomera kunditumizira zida pa basi. Wanditumizira zithunzi zitatu pa WhatsApp. Yoyamba Ryzen 5 7600 yatsopano ndi bodi yake, yachiwiri i7 13700K ya second hand kwa munthu wina, yachitatu akuti Xeon ya ma core 14 ndi bodi ndi RAM zonse pamodzi motchipa modabwitsa. Ine ndimapanga ma beat ndi kujambula oimba mu studio yanga yaing'ono, nthawi zina magemu. Ndimuuze atenge iti?
Producer, Thyolo Boma

Tiyambe ndi ya ma core 14 yo chifukwa ndikudziwa kuti ndi imene yakukopani mtima. Imeneyo mwina ndi Xeon E5 2680 v4 kapena abale ake, mapurosesa a ma server a mu 2016 amene makampani anataya atagula atsopano, ndiye anthu amawatola n'kuwaphatikiza ndi mabodi otchedwa X99 a mayina osadziwika. Ma core ndi ambiridi koma iliyonse payokha ndi yofooka poyerekeza ndi za lero, ndipo pojambula woimba ali pa maiki, pamene mukufuna kuti mawu asachedwe kumveka m'mahedifoni, liwiro la core imodzi ndi limene limalamula. Mu FL Studio, pulogalamu yopangira ma beat, ma plugin onse amene mwawasanja motsatizana pa channel imodzi amadikirana, simungawagawire ma core 14. Onjezani kuti ilibe graphics, ndi ya 120W, Windows 11 siyiidziwa, ndipo bodi ikafa waranti mukaifunsa kwa ndani. Isiyeni.

13700K ndi yamphamvu zedi, pamenepo palibe kutsutsa, koma ya second hand ine ndingaope. Mu 2024 Intel inavomera kuti mapurosesa ake a desktop a 13th ndi 14th gen, makamaka akuluakuluwa, ankalandira voteji yopitirira muyeso n'kumawonongeka pang'onopang'ono mpaka kompyuta kumangozima kapena kutseka mapulogalamu yokha. Anatulutsa ma update a BIOS oletsa vutoli ndipo anawonjezera waranti ndi zaka 2, koma update yo imateteza imene isanawonongeke, imene inayamba kale kudwala sichira. Ndiye munthu akugulitsayo simukudziwa chifukwa chake akuigulitsa, ndipo mukadzaona vuto muli ku Thyolo iye ali ku Johannesburg. Komanso imafika 253W, fani mulibe m'bokosi, ikufunika choziziritsira chachikulu chodula, ndipo mu studio phokoso la mafani ndi mdani.

Yatsala 7600, ndipo ndi imene ndingatenge. Ma core 6 othamanga, 65W, fani imabwera m'bokosi, ili ndi ka graphics kakang'ono kokwanira kuonetsa chithunzi ndi kuyendetsa studio ngakhale si ka magemu olemera. Soketi yake ndi AM5 imene inayamba mu 2022 ndipo AMD inanena kuti ipitiriza nayo mpaka 2027 kapena kupitirira, ndiye bodi yomweyo idzalandira purosesa ina m'tsogolo. Umu ndi mmene anachitira ndi AM4, inayamba mu 2016 ndipo anthu amene anagula mabodi ake kalekale ambiri anadzaikapo Ryzen 5000 atangosintha BIOS. Vuto la AM5 ndi limodzi, imalandira DDR5 yokha, ndipo mitengo ya RAM inakwera koopsa kumapeto kwa 2025, ndiye mchimwene wanuyo awerengere RAM yo asanalipire zinazo. Zikapanda kukwana musachite manyazi kubwerera pa AM4 ndi 5600G kapena pa i5 12400 ya bodi ya DDR4, ma beat anu sadzadziwa kusiyana.

Tsopano za ulendo, chifukwa katundu wambiri amafera mu chikwama. Muuzeni amange zonse konko aziyatse mpaka aone BIOS, akujambulireni vidiyo, kenako ndi pamene apakire. Pa AM5 ndi pa Intel timapini timakhala pa bodi, 1718 pa AM5, tating'ono ngati tsitsi, ndiye bodi iyende purosesa ili kale m'malo mwake yotsekeredwa, apo ayi abwezeretse kachivindikiro kakuda kapulasitiki kaja. Pa AM4 timapini tili pa purosesa penipenipo, imeneyo isayende yopanda kabokosi kake kapulasitiki ngakhale atakulunga ndi masokosi angati. Katundu akafika, musanaike chilichonse, yatsani tochi ya foni muunike soketiyo chammbali uku mukuipendeketsa pang'onopang'ono, timapini tonse timanyezimira mofanana ngati mizere, pakakhala kamodzi kopindika pamaoneka kadontho kowala mosiyana ndi tinzake. Mukakaona musakakhudze ndi chala kapena kuyesa kukanikiza purosesa pamwamba pake, pitani nayo kwa wokonza mafoni wa dzanja lokhazikika amene ali ndi galasi lokuzira.

Poika purosesa yang'anani katrayango kakang'ono pa ngodya kagwirizane ndi ka pa soketi, imangokhala yokha popanda kukankha. Fani ya m'bokosi imabwera ndi thermal paste yopakidwa kale pansi pake, musawonjezere ina pamwamba. Ndipo marisiti onse ayende ndi katunduyo, osati kutsala m'thumba la mchimwene wanu ku Joni, a MRA pa chipata akhoza kuwafuna powerengera msonkho, komanso waranti popanda risiti kulibe.